Kanema akajama ku Neno

Pamsika uliwonse wa m'boma la Neno, muyambire pa Zalewa mukwere mpaka ku Ligowe, simungalephere kupeza kashopu kamene sipika yake ndi yaikulu kuposa chitseko. M'katimo mumakhala mnyamata, kompyuta yotopa, mulu wa mafoni otchajitsa, ndiponso chiphaso cha COSOMA pakhoma, mwiniyo akakhala woopa malamulo. Pachikwangwani pamalembedwa kuti amabena nyimbo ndi mafilimu. Koma ntchito imene imamudyera tsiku ndi yoweruza milandu ya makanema ojama. Munthu amafika ndi memore atakulunga m'kapepala, nkhope ili gwa, n'kuyamba kuti, "Achimwene, zija munandiikira zija zikungoima." Nkhani zili m'munsizi n'zapabenchi ya pakhomo pa mashopu oterewa. Maina ndawasiya dala chifukwa eni ake akali moyo, ndipo ena ndi akuluakulu a mpingo.

*

Ukwati wina wa ku Ligowe udajambulidwa bwino, wojambula adapereka fulashi, banja lidasonkhana madzulo kuti lionere. Kwaya idaimba, malumbiro adachitika, keke idadulidwa. Kufika pa perekaniperekani, adatulukira amalume a mkwatibwi, atatchena suti, akuvina cham'mbali, dzanja lili m'mwamba litanyamula K5,000 yatsopano, ija idatuluka m'chaka cha 2022 ija. Atangoti afike pa lichero, kanema adaima. Nyimbo zii. Amalume ali chiimire, mano onse pamtunda, ndalama ili m'mwamba.

Adabwezera m'mbuyo, adaimanso pomwepo. Adazimitsa n'kuyatsanso, amalume ali pompo.

"Amalume, mawa tipita nayo kwa wobena akaikonze," adatero mkwatibwi.

"Iwe mphwanga, zinthu za magetsi sazikakamiza. Pamene yaimapo m'pamene pali phunziro."

Kwa miyezi ingapo mlendo aliyense wofika pakhomopo amayamba waonetsedwa amalume, madzi akumwa pambuyo. Koma mkwatibwi adapita ndithu mwakachetechete. Wobena adayesa kukopera fayiloyo kuchoka m'fulashi kupita m'kompyuta, ndipo kukoperako kudaimanso panjira. Iye adati chimenecho ndicho chizindikiro chakuti matenda ali m'fulashi, osati m'TV: penapake m'kati mwake pafa, ndipo zithunzi zimene zidagwera pamenepo sizikuwerengeka. Mwayi wake wojambula uja adali asanafufute zake. Adakoperanso pa fulashi ina.

Banja lidasonkhananso. Amalume adafika pa lichero, adatsitsa dzanja, adanong'oneza wosunga ndalama, adalandira chenji, adachiwerenga kawiri, n'kuponya K200. Zotsalazo zidalowa m'thumba la m'kati.

M'nyumba mudati phee. Amalume adakonza pakhosi.

"Uyu ndi wopanga pakompyuta. Weniweni ndi woyamba uja."

*

Kwa nyakwawa ina cha ku Magaleta kudafika mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha eni. Wodandaula adabwera ndi umboni wamakono: mwana wake adajambula pafoni n'kumutumizira pa Bluetooth. Nduna idagwira foni, bwalo lidaunjikana. Mbuzi idaoneka ikubwera, idanunkhiza mpanda, idaponda mwendo umodzi m'munda. Basi, kanema adauma. Mwana uja adali atathamangira kumpira kutumizako kusanathe, ndipo Bluetooth ya pafoni ikapitirira mamita ngati 10 imaduka. Fayilo idafika yoduka.

Nyakwawa idaganiza pang'ono.

"Bwalo laona mwendo umodzi. Mbuzi ili ndi miyendo inayi. Mlandu wathunthu ndi nkhuku zinayi, choncho mwini mbuzi apereke nkhuku imodzi."

"Koma afumu, inadyatu chimanga!"

"Ikadzalowa yonse mudzabwerenso."

*

Agogo ena adaperekeza mdzukulu kwa wobena pa Zalewa. Mnyamatayo adatsegula VLC, pulogalamu yaulere ija idayambitsidwa ndi ophunzira a ku École Centrale ku Paris, imene imatsegula makanema ambiri okanika kwina ndipo imatha kulumikiza fayilo ya AVI yosokonekera. Chizindikiro chake ndi koni ya pamsewu. Agogo ataiona adanyamuka pabenchi.

"Tiye mdzukulu wanga. Rodibuloko yalowanso m'kompyuta, ndipo ine panja ndasiya thumba la makala."

*

Amayi a Mvano a pampingo wina adasonkha ndalama kuti ajambulitse nyimbo zawo. Msungichuma, pofuna kupulumutsa thumba, adagula memore kwa wogulitsa m'manja mu Limbe, yolembedwa 64GB, pamtengo wa mandasi ochepa chabe. Makanema onse adalowa, maina a nyimbo onse akuoneka pamndandanda. Poonera, zoyambirira zidayenda bwino. Zotsatira zake, ina ingoyamba n'kuima, ina chithunzi chamawangamawanga, ina osatseguka n'komwe. Amayi oimba mawu apamwamba, amene nyimbo yawo yotsogolera idali kumapeto, adayamba kunong'ona kuti pali kaduka.

Kaduka padalibe. Memore zachinyengo zimapangidwa kuti zizinamiza foni ndi kompyuta: kunja 64GB, m'kati mwina 8GB. Malo enieniwo akadzaza, izo zimangolandirabe, koma zobwera pambuyozo zimatayika kapena kufufuta zinzake, maina okha n'kutsala. Pali kapulogalamu kaulere ka ku Germany kotchedwa H2testw kamene kamadzaza memore yonse n'kuwerenganso, ndipo kamaulula kukula kwake kwenikweni. Ine ndimaona kuti wobena amene alibe kapulogalamuka sakuyenera kupatsidwa ukwati wa munthu.

Msungichuma adakwera basi mpaka mu Limbe, ndipo mwamwayi adamupeza mnyamata uja pamalo pomwepo.

"Iwe, unandiuza kuti imeneyi ndi 64!"

"Mayi, ndinati imalandira 64. Zosunga sitinakambirane."

*

Mphunzitsi wina wa kwa Dambe, kumtunda kozizira kumene amalima tirigu ndi kachewere, adatsikira ku Lisungwi m'mwezi wa Okutobala kukaonetsa apongozi ake kanema wa ubatizo wa mwana. Kwawo laputopu imayendetsa kanemayo bwinobwino. Ku Lisungwi adaiika pabulangete, ndipo pasanapite nthawi abusa a m'kanema adayamba kuchita chibwibwi, madzi a ubatizo adaima m'malere, kenako laputopu idazima yokha. Mphunzitsi adayamba kufotokoza za mavairasi.

Apongozi adamudula. "Asiyeni makinawo akamwini, ndi akumapiri. Inunso taonani thukuta."

Apongoziwo ndiwo adalondola. Laputopu ikatentha imadzichepetsera liwiro kuti isapse, ndipo ikapitirira imazima. Fumbi la mumsewu lidali litatseka kafani ka m'kati, bulangete n'kutsekanso potulukira mpweya. Ataipemerera n'kuiika patebulo, pansi atatsamiritsa tizitsekerero ta mabotolo, mwana adabatizidwa mpaka kumapeto.

*

Mkulu wina wa paboma adakhala pabenchi akuyang'ana kamzere kobiriwira kosonyeza kuti kukopera kwafika pati. Kadafika pakati n'kukhala ngati kagona. Panja wa kabaza akungoliza hutala.

"Kamzere kakoka kakuyenda ngati tala wa msewu wa Tsangano–Neno–Mwanza."

"Musakanyoze bwana," adatero wobena. "Aka kafika lero lomwe."

Mkuluyo sadadikire. Adazula fulashi kamzere kali pa 99, n'kukwera njinga. Mawa lake adabwera kudzakalipa kuti filimu ikuima wapolisi asanagwire wakuba. Kompyuta imatha kusunga kaye zina m'mutu mwake isanazilembe m'fulashi, n'chifukwa chake pali poti munthu adine kaye Eject asanazule. Wobena adamufotokozera zonsezi modekha, n'kumulipiritsanso kachiwiri. Wa kabaza nayenso adalandira kawiri. Boma la Neno lidakhazikitsidwa mu 2003 litapatuka ku Mwanza, ndipo chuma chake chimayenda motere.

*

Iyi ndi yaitali pang'ono, koma ndiyo imene wojambula aliyense ayenera kuimva.

Pachinkhoswe china cha ku Chifunga, batire la kamera lidatha ankhoswe akupatsana nkhuku. Wojambula sadadandaule, adati zonse zam'mbuyo zilimo. Kunyumba adapeza fayilo yaikulu ndithu, magigabaiti ake ooneka, koma yosatseguka paliponse, ngakhale pa VLC. Chimene chimachitika n'chakuti kamera yojambula MP4 imalemba zithunzi ndi mawu pamene zikubwera, koma kaundula wonena kuti chithunzi chakuti chili pati ndipo chiyendere limodzi ndi mawu ati, amene akatswiri amamutcha moov atom, imamulemba pomaliza, munthu akadina batani loimitsa. Batire likafa batanilo lisanadinidwe, zithunzi zonse zimakhalamo koma palibe makina odziwa poyambira.

Akuchikazi adamugwira wojambula n'kupita naye kwa wobena, ankhoswe awiri ndi azakhali atakhala pabenchi ngati bwalo la apilo. Wobena adati mankhwala alipo. Pali pulogalamu yotchedwa untrunc imene imamanganso kaundulayo, koma imafuna chitsanzo: kanema wina wabwinobwino wojambulidwa ndi kamera yomweyo, itatcheredwa chimodzimodzi.

"Muli naye wina aliyense wa kamera imeneyi?"

"Alipo wachinkhoswe china cha ku Mwanza, cha mwezi wathawu," adatero wojambula, akupereka memore mosangalala kuti wapulumuka.

Wobena adatsegula kuti aone ngati ali bwino. Adali bwino kwambiri, mitundu yowala, mawu omveka. Azakhali adasendera pafupi.

"Taimitsani pamenepo achimwene."

Suti yomweyo. Tayi yomweyo. Kumwetulira komweko. Mkazi yekha ndiye adali wina.

Fayilo idakonzeka tsiku lomwelo, ndipo wobena amainyadira mpaka lero. Palibe amene adabwera kudzaitenga.

*

Mnyamata wina wa ku Kam'mwamba amene ali ku Joni adatumiza fulashi kudzera mwa mnzake wobwera pabasi, muli kanema wopatsa moni mayi ake. Ataika pa TV ya aneba, mawu adamveka bwinobwino: "Amayi, ndine, ndili bwino kuno." Chithunzi mdima bii. Mayi adagwira kumutu. Mawu opanda thupi kumudzi sitiwatenga mwachibwana. Adaitanitsa abusa, ndipo abusa adapempherera TV, fulashi ndi limoti yomwe.

Pamene mapemphero amapitirira, mlongo wake wa mnyamatayo adazemba ndi fulashi kupita kumsika. Wobena adaona kuti kanemayo ndi wa H.265, kalembedwe kamene mafoni a iPhone adayamba kugwiritsa ntchito mu 2017 ndipo mafoni ena atsopano amakatsata. TV zambiri zakale zimamva H.264 ndi zina zam'mbuyo, choncho zikakumana ndi H.265 zimatulutsa mawu okha, kapena kuimitsa chithunzi, kapena kukaniratu. Fayiloyo idalibe chilema. Adaitembenuza pa HandBrake kukhala H.264, mtsikana adabwerera n'kuibwezera pa TV anthu akali otsinzina.

Atati "Amen" n'kutsegula maso, mwana adaoneka, wonenepa, atavala chipewa.

Abusa adapita ndi tambala. Wobena adalonjezedwa K500 mayi aja akagulitsa manachesi.

*

Pamsonkhano wina wachitsitsimutso, mlaliki adalalika maola awiri ndipo achinyamata adajambula. Memore yawo idali ya FAT32, imene silola fayilo imodzi kupitirira 4GB, ndiye kamera idadula ulalikiwo pawiri payokha. Wokopera adatenga fayilo yoyamba yokha n'kugawira midzi itatu. Fayiloyo imathera pamene mlaliki wafika pakati pa Gehena, akufotokoza za moto ndi kukukuta mano. Gawo la chikhululukiro lidatsala m'kamera.

Lamulungu lotsatira tchalitchi chidadzaza mpaka panja. Akuluampingo adagwirizana kuti fayilo yachiwiri iyambe yadikira.

*

Akale a vidiyo sho amakumbukira nthawi ya madisiki. Pashedi ina ya ku Matope amaonetsa Commando, filimu ya 1985 ya Arnold Schwarzenegger, yomasuliridwa m'Chichewa, disiki yake itakalikakalika. Mkulu wa nkhondoyo atangonyamula chimfuti paphewa, chithunzi chidaima, womasulira n'kumangobwereza mawu amodzimodzi. Ana adayamba kufuula kuti abwezeredwe ndalama zawo. Mwini sho adatulutsa disiki, adaipumira mpweya, adaipukuta pamalaya mozungulira, chimene chimangowonjezera mavuto chifukwa disiki amaipukuta kuchokera pakati kupita kumphepete. Adapakapo mankhwala otsukira mano. Mankhwalawo amathandizadi pang'ono pamikwingwirima yosazama poti amasalaza pulasitiki, koma iyi idali ngati yadutsa pansi pa ngolo.

Kamnyamata kena kamene kadaionera filimuyo kambirimbiri kadakwera pabenchi n'kuyamba kufotokoza zotsalazo, mfuti zonse kakuliza ndi pakamwa, akufa onse kakugwa kokha. Palibe adafunanso ndalama yake. Mawa lake mwini sho adagula disiki yatsopano, ndipo anthu adadandaula kuti siikufika pa ya dzulo.

*

"Kompyuta inakufunsani chiyani bambo?"

"Inati kodi ndikufuna kuchita format."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinavomera. Inafunsa mwaulemu."

Wobena adawalimbitsa mtima kuti zofufutidwa mwanjira imeneyi nthawi zambiri zimabwezeka ndi mapulogalamu monga PhotoRec kapena Recuva, bola m'memoremo musalowe kanthu kena katsopano, chifukwa chatsopano chimakhala pamalo pa chakale.

"Simunaikemo chilichonse chichitikireni zimenezo, eti?"

"Ayi. Nyimbo zokha, kuti ndione ngati ikugwirabe ntchito. Yadzaza bwinobwino."

*

Wina adafunsa wobena chinsinsi cha ntchito yake, poti anthu amamuyesa katswiri. Iye adati n'zinthu zimene aliyense angachite kunyumba: kanema wojamayo muyeseni pamakina ena, makina anuwo muwayese ndi kanema wina, kenako mukopere fayiloyo kuchoka m'memore muone ngati ikafike. Mukatero mwadziwa ngati wodwala ndi fayilo, makina kapena memore.

"Nanga bwanji suwauza anthu zimenezi?"

"Ndimawauza. Amati ndikubisa zenizeni."

*

Pa 24 Januwale 2022 namondwe Ana adagwa m'chigawo cha kummwera, adawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko lidalowa mumdima. Ngakhale ife oyandikana ndi Nkula ndi Tedzani, pamtsinje wa Shire m'malire a Neno ndi Blantyre, tidayatsa makandulo. Tsiku lotsatira, pa 25, Flames imasewera ndi Morocco ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, ulendo woyamba Malawi kudutsa m'magulu pampikisano wa AFCON. Ambiri sadaonere.

Ku Nsambe kuli agogo ena okonda mpira amene wailesi yawo idali itatha mabatire. Mdzukulu adakwera pachitunda pomwe netiweki imagwira, kuti akatsitse kanema wachidule wa masewerowo. Bandulo idatha fayilo isanamalize kutsika. Adabwera nayo choncho. Agogo adaona Gabadinho Mhango akulandira mpira pamphindi 7, akuyang'ana goloboyi Yassine Bounou atasuntha pagolo, akumenya chikhalirecho ali kutali, mpira n'kugwera muukonde. Anyamata adathamangira kukona kukasangalala. Pamenepo kanema adaima, kabwalo kakungozungulira pakati.

"Yatha?"

Mdzukulu adayang'ana nkhope ya agogo ake, adaganiza za BP yawo.

"Yatha agogo."

Agogo adaphetsa nkhuku. Kuyambira tsikulo, aliyense wonyoza Flames pamaso pawo amauzidwa kuti akafunse Aluya a ku Morocco. Adzukulu ena adafunapo kutsitsa kanema wathunthu, koma banja lidakhala pansi n'kugamula kuti fayilo imeneyo isakonzedwe.

Inu owerenga mukudziwa kuti Youssef En-Nesyri adabweza chigolicho theka loyamba likutha, Achraf Hakimi n'kumwetsa chachiwiri pa firikiki pamphindi 70, Morocco n'kupambana 2-1. Mukadutsa ku Nsambe n'kuwapeza agogowo pakhonde, chonde nkhani ikhale ya mtengo wa kachewere.